Nkhumba ya ku Thambani ndi mwana wa a Latifu

Aphungu,

Ndine bambo wachinyamata, ndimakonza njinga pa Mwanza Boma. Sukulu ndinalekeza sitandade 5, ndiye mupirire kalembedwe kanga. Mwana wanga woyamba, mtsikana dzina lake Tadala, ali fomu 1 pasukulu ya mishoni. Holide ikubwerayi gulu la ophunzira achikatolika likupita ku katchalitchi kena kuseri kwa Thambani, kukathandiza kuumba njerwa ndi kuyendera odwala. Aphunzitsi atapempha makolo operekeza, ine ndinakweza dzanja. Sindinaperekezepo, ndipo sikuti ndine wopemphera kwambiri. Ndimangofuna ndikaone ndekha pomwe mwana wanga akagone ndi madzi amene akamwe.

Tadala ali ndi mnzake wapamtima, Saumu, wachisilamu, amaphunzira limodzi. Bambo ake, a Latifu, ali ndi golosale, ndipo njinga ndimakonzera pakhonde pawo. Saumu analirira ulendowu, aphunzitsi analola. A Latifu poyamba anakana, koma atamva kuti ndikupita nawo anati: "Ngati mukakhaleko inu achimwene, apite. Koma zakudya zokha mukandiyang'anire." Ine osaganiza ndinayankha kuti: "Musadandaule, chimene akadye Tadala ndi chomwe akadye Saumu." Tinagwirana chanza.

Lamulungu lapitali ndinakumana ndi a Zakeyu, katekisiti wa komwe tikupitako. Iwo chimwemwe chokhachokha: "Mubwere ndi njala! Akhristu akhala akukunenepetserani nkhumba chikololereni chimanga, moti ikulephera n'kudzuka komwe." Ndinaseka nawo, koma pompo ndinakumbukira kuti Asilamu sadya nkhumba.

Ndiye ndifunseko, aphungu. Kodi Saumu atapatula nyama n'kungodyera msuzi, zingatheke? Nanga mphika woti munaphikidwa nkhumba, kuutsuka bwino ndi phulusa? Nkhuku yozinga ine angadye? Ndimaona anthu akupita ndi mbuzi kwa ashehe kukazingitsa, koma chifukwa chake sindinafunsepo. Nanga pa Misa, ife tikagwada iye azitani?

A Zakeyu ndikuopa kuwauza, angati tikunyoza mphatso ya anthu ovutika. A Latifu ndikawauza angamuletse mwana, Tadala n'kundikwiyira. Mayi akunyumba akuti ndingokhala chete, zikaoneka komweko. Koma ine njinga sindiipereka kwa mwini wake ndisanayese mabuleki.

A.K., Mwanza Boma.

A A.K.,

Mabulekiwo ayeseni ndithu. Amayi akunyumba asandikwiyire, koma "zikaoneka komweko" ndiye kuti mwana wa eni ake akakhala pamphasa manja ali m'chilolo anzake akudya, kapena akadya chifukwa cha manyazi. Zonsezi a Latifu adzazimva, ndipo pakhonde paja simudzakhalanso momasuka.

Msuzi wa nkhumba ndi nkhumba yomwe, iwalani. Nkhuku yozinga inu mabanja ambiri achisilamu sadya, amafuna wozinga akhale Msilamu amene amatchula dzina la Mulungu pozinga. Za mphika ndi za Misa musafunse ine, mwini yankho mumakhala naye tsiku lonse. Mawa lomwe, makasitomala asanachuluke, auzeni a Latifu za nkhumbayo mosabisa, kenako muwafunse mafunso anu onsewa. Munthu akafunsidwa zachipembedzo chake mwaulemu sakwiya. Mupite ndi maganizo okonzeka kale: kamphika, chipande ndi mbale zochokera kwawo, nyemba, usipa, komanso nkhuku yamoyo yokazingitsa kwa Msilamu pamsika wa Thambani. Akakanabe, mwanayo ndi wawo, musawakakamize.

Mukatero, uzani aphunzitsi otsogolera ulendowu, ndipo a Zakeyu amve kudakali nthawi. Musanene kuti nkhumba isaphedwe. Iphedwe, ndipo inuyo mukaidye mpaka kunyambita zala kuti oweta aja asangalale. Muwapemphe chabe moto wina wa kamphika kamodzi. Chimene chimawawa amayi ophika si kuuzidwa msanga, koma kuona mbale ikubwerera yosakhudzidwa.

Lonjezo lanu lija musalifafanize, ingolitembenuzani: chimene akadye Saumu ndi chomwe akadye Tadala. Mumupemphe Tadala, osamulamula, kuti azikadyera limodzi ndi mnzakeyo, kuti Saumu asakakhale yekha ndi mbale yake anzake akumuyang'ana.

Chenjezo langa ndi ili: simukuperekeza ana awiri okha. Ana ena aja okaumba njerwa opanda nsapato, aja okasamba kumtsinje, makolo awonso akudalira inu. Kogona atsikana musiyire amayi operekeza, ndipo musakaime pagulu n'kulengeza kuti "pano tili ndi Msilamu". Saumu akupita kukaumba njerwa ngati anzake. Akabwerako, a Latifu akamufunsa kuti wadya chiyani, ayankhe yekha inu muli phee, mukupopa njinga.