Kankhanu kanga kali m'makoma a anthu

Amayi anga, kaya kumeneko mukukhala bwanji?

Ine kuno ndilipo, koma mtima suli m'malo. Ndisazungulire: andilakwira ndi alongo anu, amalume a Devisoni. Omwe aja analira mokweza kuposa tonse pa maliro anu, mpaka azimayi a kumpingo kusiya nyimbo n'kumawatonthoza iwo. Mukanakhalapo mukanandigwira pakamwa n'kunena kuti, “Felesiya, mlendo yamba wamupatsa mpando, milandu pambuyo.” Chabwino, ndiyambe ndi zabwino.

Linda, chitsirizira chanu chija, wachira. Mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mphumi ndi yanu yeniyeni. Akafuna kulira amayamba waikwinya ngati mmene munkachitira munthu akabwera ndi nsalu ya mamita awiri n'kumafuna diresi ya mkwatibwi. Akukhala ku Mgona ndi bambo a mwanayo, m'kanyumba ka zidina ka zipinda ziwiri. Kumudzi chimanga chamasula ngayaye, akuti chikuoneka bwino ngakhale feteleza anathira mochedwa. Cha chaka chatha anankafumbwe anachilowa, tinangopulumutsako pang'ono. Kuno ku Chinsapo denga likudontha pamalo pomwe paja, alandilodi akadali kunena kuti mawa. Mpapaya wanu unagwa ndi mphepo. Makina anu osokera ndinakana kuti agulitsidwe, ndipo ndimawathira mafuta Loweruka lililonse ngakhale kusoka kunandikanika.

Tsopano za amalume. Mukukumbuka kuti muli m'chipatala munawapempha kuti ndikamaliza kosi ya zamagetsi adzanditenge ku shopu yawo ku Biwi. Ananditengadi. Ntchito yathu ndi kuwaya nyumba. Iwo amakhala m'shopu pa mpando wozungulira uja n'kumayankha mafoni, ife ndi amene timapita m'makomo, kukwera m'madenga ndi kugoba makoma. Zaka ziwiri ndinagwira, amayi, ndipo palibe tsiku limodzi lomwe anabwera kudzaima pambuyo panga kuti aone mmene manja anga amagwirira ntchito. Kwa iwo ndinali mwana wa malemu wongomuchitira chifundo.

Vuto la nyumba zathuzi mukulidziwa, munakhalamo. Soketi imakhala m'kabokosi kachitsulo kokwiriridwa m'khoma. Pa njerwa zootcha kabokosiko umangokamata ndi simenti, basi kagwira. Koma pa zidina simenti imakana, dothi limangofumbutuka. Munthu akazula pulagi ya ayironi kangapo, soketi yonse imatuluka n'kumalendewera pa mawaya ngati diso lotong'oka. Amisiri akale ankakhomera kathabwa m'khomamo, koma chiswe sichichedwa kumva. Soketi yathu ija ya pafupi ndi chitseko munkaitsamiritsa ndi mwendo wa tebulo, ndipo aliyense wosuntha tebulolo ankalandira khofi lanu. Ine ndinalandirapo kawiri.

Soketi imeneyo ndi imene inandisowetsa mtendere. Tsiku lina tikuchokera ku ntchito ku Kanengo ndinatola timalamba tachitsulo tija amamangira katundu, totayidwa m'mbali mwa mpanda. Ndinayesa milungu yambiri, kupinda, kudula, kutaya, kuyambiranso. Zala zonsezi zinali mabala okhaokha. Mapeto ake ndinapanga kachitsulo ka miyendo inayi kokhala kumbuyo kwa kabokosi. Ukamamanga sikuluwu yapakati, miyendoyo imatambasuka n'kukanirira m'dothi, ndipo ukamakoka soketi m'pamene imalumirira kwambiri. Ndinakatcha kankhanu. Ndinayamba ndi kwathu kuno, kenako kwa aneba, ndipo mpaka lero palibe kamene kazuka.

Koma pali kanthu kena. Lamba wachitsulo ukamudula, m'mphepete mwake mumathwa ngati lezala, ndipo waya amadutsa pomwepo. Apa ndinakumbuka mawu anu aja mukamatembenuza chovala chosoka telala wina: “Waluso umamuonera m'mphepete, pakati aliyense amatha.” Ndiye kankhanu kalikonse ndisanakalowetse m'khoma ndinkakapala ndi tupa, n'kukaveka kamphira kodula ku chubu cha njinga pamalo podutsa waya. Zimenezi ndinkachitira kunyumba ya kasitomala komweko, tizidutswa ta chubu tinkangokhala m'thumba la ovolosi. Chimene ndinakawaonetsa amalume ku shopu chinali chitsulo chokha.

Anakatembenuza uku ndi uku, anati, “Masewera a ana awa,” n'kukaponya mu dirowa. Patapita miyezi iwiri ndinangoona chithunzi chawo pa foni ya mnzanga. Ali mu suti, pa chionetsero cha amisiri m'tauni, kankhanu kanga kali m'manja. Dzina anasintha, akuti ndi Devisoni Gwira. Tsiku lomwelo ndinawamva pa wailesi akufotokoza kuti nzeruyo inawabwerera m'maloto atasala kudya masiku atatu. Amayi, alongo anu aja kusala kudya? Munthu woti pa maliro anu omwe, misozi ili m'masaya, anafunsa ngati ndiwo zatsalako?

Kutacha ndinapita ku shopu. Ndinati, “Amalume, malotowo munalota mutagona mu dirowa?” Sanachite ndi manyazi omwe. Anati, “Iwe mwana, shopu ino ndi ya ndani? Pulayazi unkagwiritsa ntchito ndi ya ndani? Nkhuku ikaikira m'khola langa, dzira likhala la nkhuku?” Ine ndinati, “Ndiye ikirani lanu tione.” Ndinavula ovolosi yawo pomwepo n'kuisiya pa kauntala, koma ndinayamba ndatulutsa timphira tanga m'thumba. Za mphirazo sindinanene. Sikuti ndinaiwala ayi, ndinachita dala. Mumtima ndinati aba mphika, chivundikiro ndatsala nacho ine. Ndinadzinamiza kuti mmisiri wa zaka zonsezi adzionera yekha kuti chitsulo chakuthwa sichigona ndi waya.

Kuchokera pamenepo ndimadzigwirira ntchito zanga ndekha, lero kuika swichi uku, mawa kukonza mbaula ya magetsi uko. Sindigona ndi njala, musadandaule. Makasitomala anu akale ena amandiitana, ndipo ndikamaliza ntchito amatulutsa madiresi amene munawasokera kuti ndione kuti msoko sunamasuke mpaka pano. Ndi amalume tikakumana ku tchalitchi ine ndimayang'ana kudenga. Linda wandinyengerera mpaka watopa. Amati, “Achemwali, ndi mlongo wa amayi yekhayo watsala, tikadzadwala adzatiimira ndani?” Ndimamuyankha kuti ndikadzadwala adzandiimire galu. Paja inu munkati mkwiyo wanga uli ngati mbaula ya dzulo, pamwamba phulusa, ukapisa chala wapsa.

Milungu itatu yapitayo ndinapita ku Mgona kukaona mwana. Mvula inali itagwa masiku angapo osalekeza, makoma atamwa madzi mpaka m'chiuno. Tikucheza, Linda anangoti, “Achemwali, khoma ili layamba kuluma. Dzulo ndikukolopa ndinalitsamira, dzanja lonse linachita dzanzi.” Ananena akuseka. Ndinayang'ana pamene ankalozapo. Soketi yatsopano, ndipo m'munsi mwake ndi momwe anayala kamphasa kogonekapo mwana masana. Anati amalume anatuma antchito awo kudzaiika ulere, mphatso ya mwana.

Ndinagunditsa tesita yanga yoyezera magetsi pa khoma lonyowalo, osati pa soketi, pa dothi penipeni, ndipo inayaka. Ndinathimitsa pa mita n'kumasula soketiyo. Kankhanu kanga komweko, miyendo inayi, kopindidwa bwino kuposa kanga chifukwa iwo ali ndi makina. Tupa ayi, mphira ayi. Nthawi iliyonse Linda akazula pulagi, chitsulo chinkacheka waya pang'onopang'ono mpaka kufika pa kopa wa m'kati. Ndinakonza pomwepo. Linda ndinangomuuza kuti waya anasupuka, ndipo anandithokoza. Kundithokoza ine!

Masiku atatu otsatira sindinakhazikike. Ndikati ndikhale, mpando ukutentha. Ndikakwera minibasi maso ankangokhala pa nyumba za zidina m'mbali mwa msewu, n'kumadzifunsa kuti umu muli tingati, umo mukukwawa ndani. Mtima wina unkati asiye, tsiku lina anthu adzawathamangitsa ndi miyala ku Biwi konko, dziko lidzadziwa kuti anaba chinthu chosachidziwa. Ndikuuzeni zoona, maganizo amenewo ankandikomera. Koma kuti tsikulo lifike pankafunika kuti mwana wa munthu wina ayambe wagwira khoma. Komanso kukaulula ndiye kuti ndawapatsa chokhacho chimene ndinatsala nacho. Ndinafika pokhala pa makina anu n'kumapalasa opanda ulusi, kuti mwina mundiuza kanthu. Simunandiuze. Pamenepo ndinadziwa kuti mwakwiya, paja inu mukakwiyitsitsa munkangokhala chete.

Lachisanu lake ndinapita ku Biwi. M'shopu munali makasitomala awiri ndi mulu wa tinkhanu pa tebulo, topaka penti wofiira. Amalume atandiona anati, “Ehe, njala yakubweza?” Ndinaika pa kauntala waya amene ndinadula kwa Linda, kopa ali poyera. Ndinati, “Uyu anali pamwamba pa mutu wa mdzukulu wanu.” Anamutenga, anamuyang'ana, kenako anatola kankhanu kamodzi pa mulu paja n'kuyendetsa chala m'mphepete. Chala chinatuluka magazi. Kenako, motsitsa mawu kuti makasitomala asamve, anati, “Ndiye tipanga bwanji?” Pepani ayi. Tipanga bwanji.

Ndinatulutsa tupa ndi kachidutswa ka chubu. Ndinati, “Imani apa, muyang'ane manja angawa.” Anaimadi, anayang'ana. Ntchito yake ndi ya mphindi ziwiri zokha, amayi. Mphindi ziwiri, ndipo ine ndinaikhalira miyezi.

Koma nkhani sinathere pomwepo. Nyumba zimene antchito awo anaikamo akuzikumbukako, ndipo ayamba kubwereramo. Chovuta n'chakuti tinkhanu tambiri anagulitsa kwa a mahadiweya ndi mavenda a mumsika, ndipo palibe akudziwa kuti tinalowa m'khoma la ndani. Ndiye ine ndikamaliza ntchito zanga ndimayenda. Kawale, Chigwirizano, ku 23, ku 25, thumba lodzaza timphira. Ndikaona nyumba ya zidina ili ndi mita ndimagogoda. Nsapato imodzi yandithera kale.

Masiku oyamba ankandibwezera pakhomo. Ena ankayesa ndatumidwa kudzagwira okoka magetsi kwa aneba, ndikangoti odi ndinkamva mawaya akukokedwa kuseri. Bambo wina ku Kawale anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, “Mkazi andigwirire magetsi? Ndifere zomwezo?” Ndinawauza kuti magetsi akamagwira munthu safunsa kuti wakonza ndi ndani. Ananditsekera chitseko. Ndikudziwa, amayi, pakamwa pangapa. Ndinaima panja ndikumva ana akusewera m'katimo, osadziwa ngati ndigogodenso kapena ndizipita.

Ndiye mukudziwa zimene achita amalume? Abwereranso pa wailesi. Akuti atafufuza mozama atulukira mtundu watsopano wokhala ndi mphira, ndipo onse amene anagula wakale awakonzera ulere. Atulukira! Ndinatsala pang'ono kuponya wailesi m'ngalande. Koma kuyambira tsiku limenelo zitseko zikutseguka. Ndikangonena kuti ndatumidwa ndi a Devisoni amandilowetsa mpaka kuchipinda, ena kundiphikira tiyi, n'kumati mukawathokoze abwana anu, ndi munthu wa nzeru. Ndiye ndimanena, amayi. Khomo lililonse ndimanena bodza limenelo, kenako ndimamasula soketi. Bambo a ku Kawale aja nawonso ananditsegulira, ndipo soketi zawo ziwiri zinali zomwezo. Dzulo ku Chigwirizano ndapeza ina waya atachekeka kale theka, m'nyumba ya ana anayi.

Musaganize kuti ndawakhululukira. Sindinatero, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatero chaka chino kapena cha mawa. Pa ubatizo wa mwana ndidzakhala benchi ina. Ineyonso sindinadzikhululukire, ndipo zoti ndinabisa dala za mphira ndauza inu nokha. Chimene ndingakulonjezeni n'chakuti sindisiya kugogoda mpaka nditatha nyumba zonse zimene miyendo yanga ingafikeko, kaya anthu adziwa dzina langa kaya ayi. Koma zoti anapanga chinthuchi ndani, ndanena lero, zathera pano. Sindidzazitchulanso, kwa amalume, kwa Linda, ngakhale kwa inu.

Ndilekeze apa. Mvula yakata, ndipo ku 25 kwatsala mzere wonse wa kuseri kwa msika.

Ndimakukondani monga kale,

Ine mwana wanu wamakani,
Felesiya