Nandolo Apunthidwe Amayi Asanabwere

Chilomoni, Blantyre

Okondedwa achemwali a Fyness,

Muli bwanji ku Nkhulambeko pamodzi ndi ana? Ife kuno tili bwino. Ndisanafike pa nkhani, tikonzeretu ziwiri. Nandolo yense wa amayi apunthidwe iwo asanabwere. Ndiponso kabotolo ka mankhwala a m'maso kamene kali pazenera lawo mukataye m'chimbudzi, musapatse munthu.

Tsopano imvani: diso la amayi lapulumuka. Mukukumbukira kuti kamtengo ka nandolo katawalasa, pa disopo panayera. Kuchipatala anapalapo pang'ono n'kupeza mafangasi, abale ake a chuku chimene chimagwira chimanga. Akuti mankhwala a pagolosale aja, a m'kabotolo ka pazenera, ankangowonjezera chilonda. Oyamba a kuchipatala nawonso analephera, poti mafangasiwo sankawamva. Adokotala anafika mpaka potchula zochotsa diso. Koma atasintha mankhwala, kuyera kuja kwayamba kuchepa.

Dzulo amayi anatseka diso labwinolo ndi dzanja n'kundiyang'ana ndi lodwalalo. Anati ndachita imvi kuposa malemu bambo, ndiponso amene anandimeta ayenera kuti anali ndi mangawa nane. Mlamu wanu Rejoice anaseka mpaka kukhala pansi. Ine chibadwire sindinakondwepo chonchi ponyozedwa.

Komabe mtima sunakhale m'malo. Adokotala akuti mafangasi amafa pang'onopang'ono. Munthu akasiya kudonthezera chifukwa ululu watha, mafangasiwo amadzukanso, mwina osamvanso mankhwala atsopanowa, ndipo ena oposa awa pano palibe. Fumbi la popunthira nalonso aletsa. Amayi mukuwadziwa. Ayamba kale kunena kuti botolo la mankhwala atsopanowa n'lalikulu, agawirako a Nasima, mnzawo wa pamsika uja, amene maso awo amayabwa. Ndawafotokozera mofatsa, iwo andiyankha m'Chilomwe kuti sukulu inandiphunzitsa umbombo.

Pempho langa n'lakuti botololi muzidzasunga inuyo, n'kumawadonthezera nokha mpaka adokotala atanena kuti basi. Pa ife tonse, ndi inu nokha amene simuwaopa. Mukavomera, ndibwera nawo ndekha. Apo ayi, akhala kuno, ngakhale andikwiyire.

Moni kwa alamu a Goodman, amalume, ndi adzukulu onse a amayi.

Chonde yankhani msanga. Amayi amanga kale katundu wawo m'chitenje, ndipo m'mawa uliwonse akumakhalira pomwepo pafupi ndi chitseko.

Ndine mlongo wanu,
Cornelius