Andipha pa Kompyuta

Lachinayi, 21 Meyi 1998

Lero ndasangalala ngati mwana, chifukwa ndamva za maliro anga ndili moyo! Nditaweruka kusukulu ndimapuntha mpunga pakhomo. Mlamu wanga Fanuel, kalaliki wa ku Zomba uja, watulukira thukuta lili kamukamu, pepala m'manja. Atandiona anakuwa: "Alamu, kodi muli moyo?"

Pepalalo ndi imelo imene yazungulira maofesi mpaka ku Ulaya. Akuti mphunzitsi Mateyu Namakhwa, ineyo, ndinamira m'nyanja ya Chilwa populumutsa ana asukulu. Aliyense atumize chithandizo cha amasiye, ndipo uthengawo aupatsire anzake khumi. Akuba amene alemba imeloyi kuti adye ndalama za anthu awonjeza kuti ndinali "wosaphunzira kwenikweni koma wamtima wabwino." Ine! Zondiphazo ndakhululuka, koma digiri yanga aisiye. Komanso pa doko la Kachulu pamene akuti ndinamirapo madzi ake amalekeza m'mawondo. Munthu wamtali ngati ine ndikanamira chogona?

Mayi a Chisomo aseka mpaka kukhala pansi. "Bambo ake, poti mwatisiya, njinga ija ndigulitse?"

Chondidetsa nkhawa ndi chimodzi. Mchemwali wanga Esnati, namwino ku Mangalande, waiwerenga imeloyi. Waimbira Fanuel ku ofesi akulira, ndipo akuti Loweruka atumiza malipiro ake onse kwa akubawo.

Mawa ndikwera minibasi yoyamba. Fanuel akandikhazika pa kompyuta, ndikalembe imelo yoyamba m'moyo wanga. Mawu oyamba ndawapeza kale: "Achemwali, pukutani misozi, ndine malemu mchimwene wanu, ndipo ndalamazo..."