Mjigo wa m'munda wa a Febe

Lolemba, 7 Okutobala 1957

Ambuye ngabwino. Makina okumba mjigo afika pa Nsaru! Chitsime chathu cha kudambo chatsala matope okhaokha, ndipo ana angapo a m'kalasi mwanga agona ndi m'mimba.

Kapitawo wa makinawo, a Gabriel, munthu waulemu wa ku Mzimba, asankha malo m'munda wa a Febe, kuseri kwa sukulu. Andifotokozera malamulo a Boma: mjigo ndi wa aliyense, pafupi pasakhale chimbudzi kapena khola, mwini malo avomere ndi pakamwa pake. A Goliati, amuna awo a a Febe, avomera asanamve n'komwe mawu onse.

Lachitatu, 9 Okutobala

Zavuta. A Chikoti, mlongo wa a Febe, abwera pa njinga kuchokera ku Kabudula kumene anakwatira. Njinga sanaiyedzeke n'komwe. Akuti, "Kodi munda uwu a Goliati anabwera atausenza pamutu tsiku la ukwati?" Akutinso khola la ng'ombe zawo, lomwe lili pamphepete pa mundawo, silisuntha.

Ndakhala pansi ndi a Gabriel kuwalongosolera. Kuno mwamuna amapita kukakhala kwa mkazi. Nthaka ndi ya mbumba, ndipo woiyang'anira ndi mlongo wawo. Mkamwini amalima, amadya, koma sapereka. A Gabriel agwira pakamwa. Akuti kwawo ukafunsa mwamuna ndiye kuti wafunsa nyumba yonse. Sanalakwe dala.

Koma lamulo lina ndi ili: pamalo pa mkangano sakumba. Zikapanda kutha, Lolemba makina apita ku Nambuma, ndipo sitidziwa chaka chimene adzabwerenso.

Lachinayi, 10 Okutobala

A Goliati sakutuluka m'nyumba. Akuti dzino.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndinapeza a Febe akuswa mtedza pakhonde. Ndinayamba kuwafotokozera za tizilombo ta m'madzi, monga ndichitira nthawi zonse, iwo n'kundidula. "Aphunzitsi, zimenezo tikuzidziwa. Achimwene sakukana madzi ayi. Za kholazo n'zongonamizira. Akufuna kufunsidwa basi."

Ndinathamangira kwa a Gabriel. Poyamba anaumako: "Ine wa Boma ndikapemphe kawiri munda umodzi?" Ndinati koyamba kuja sikunali kupempha, kunali kucheza chabe ndi mkamwini, mlendo mnzawo. Anaseka mpaka kutsokomola. Avomera. Ndithokoza Mulungu chifukwa cha mtima wa munthu ameneyu.

Loweruka, 12 Okutobala

Tinakumana pansi pa mtengo wa mango pa a Febe. A Gabriel anavula chipewa, anakana mpando, nakhala pamphasa. Anayamba nkhani pachiyambi penipeni ngati sinakambidwepo, malamulo onse, limodzilimodzi. A Chikoti anamvera maso ali pansi. Kenaka anatembenuka: "Achemwali, wolima pano ndinu. Mukuti bwanji?"

A Febe akuti, "Ine pamutu pano pachita dazi ndi mtsuko. Mufuna ndivule duku muone?"

Tonse kuseka, ngakhale a Chikoti amene. Atapukuta misozi anati, "Kumbani, bambo. Mbumba yavomera." A Gabriel anafunsa za khola. A Chikoti anati, "Khola si phiri. Pakhomo pano pali amuna awiri, eti alamu?" A Goliati anayankhira m'nyumba kuti eya. Dzino lapola.

Lolemba, 14 Okutobala

M'mawa ndikupita kusukulu ndinakumana ndi a Chikoti ndi a Goliati atasenzerana mzati wa khola, wina kutsogolo wina kumbuyo, akukangana za kumene ng'ombe zizitulukira.

Tili pakati pa masamu, pansi panagwedezeka. Gu! Kenaka gu! Mitu yonse inaloza kuzenera. Ndinayesa kupitiriza, koma nanenso ndinali nditaiwala pamene ndinalekezera. Ndinaika choko pansi, tonse tinatuluka kukaona makina akukumba.