Dzina la amai sindichotsa

Lachinayi, ku Petauke. Lelo ndakwiya mpaka mutu ukuwawa.

Kuyambila dzulo, pulogalamu yathu yoyesa webusaiti ya alimi yakhala ikugwa. Imalemba yokha maina pa webusaiti, kenako imaona ngati asungidwa bwino. Poyamba ndinanamizila netiweki. Masana ndapeza vuto. Dzina limodzi limene ndinaikamo poyesela ndi la amai, Conceição, ndipo webusaiti ikumeza zilembo za Chipwitikizi n'kusunga "Conceio".

Ndaimbila abwana athu aDaka ku Lusaka, amene anamanga webusaitiyo. Andiseka. "Iwe, chotsa dzina la othawa nkhondo ilo. Ika Banda, mayeso adutse."

Othawa nkhondo! Amai akhala akulima thonje ku Nyimba kuyambila ine ndisanabadwe. Akadzabwela kudzalembetsa, adzauzidwa kuti kulibe munthu wotelo.

Ndayankha kuti, "Bambo, konzani webusaiti yanu. Dzinalo sindichotsa." Adula foni.

Ndawonjezamo dzina la amalume, João, ndi la aneba athu, Assunção. Mawa abwana adzapeza mayeso onse atagwa. Ndikudziwa kuti amene amasaina kontilakiti yanga ndi aDaka omwewo, koma akangoyelekeza kufufuta okha dzina la amai...