Abusa Adzadwalitsa Ukwati

Lachinayi madzulo, ku Kawale.

Lero mtima suli m'malo. Makadi a ukwati wa mwana wa abwana atuluka olembedwa kuti "Abusa adzadwalitsa ukwati." Ine ndinataipa "adzadalitsa", ndikulumbira! Makadiwo agawidwa kale kumpingo. Abwana angondifunsa kuti, "Mayi Phiri, tinakulakwirani chiyani?"

Masana wokonza makompyuta watsegula yangayo, waloza kachipangizo kakuda m'kati mwake. Akuti kanachoka kufakitale kali kolakwika, kamasokoneza zilembo posunga. Opanga anavomera, ndipo amatumiza disiketi yokonzera kuchokera kunja, koma ifika liti sakudziwa.

Ndamuchonderera kuti akawafotokozere abwana yekha. Wangoseka, n'kuthamangira minibasi ya ku Kanengo.

Abwana andiitana mawa muofesi. Kompyuta ili ndi oitumizira mankhwala. Nanga ine?