Shuga wa Yisiti, Tiyi wa Bambo

Lolemba, 3 Febuluwale

Mu labu tsiku lonse. Chipinda chopanda windo, fungo la sipiriti mpaka m'tsitsi. Yisiti ndikufufuzayu ngwolumala: pozizira amakula bwinobwino, ukamuika m'kabati yotentha amafa. Koma ukamuthirira mchere kapena shuga, amapirira. Chifukwa chiyani? Digiri yanga yagona pamenepo. Timbale tokuliramo yisitiyo mbwee, tofuna kuonedwa tsiku ndi tsiku ngati makanda.

Achemwali aimba. Bambo agonekedwanso m'chipatala. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndapempha masiku awiri okha oti ndikaone bambo. Apulofesa osadzutsa n'komwe mutu: "Yisiti sadziwa za matenda akwanu. Malizani kaye." Ine ndangoti zikomo. Zikomo wa chiyani?

Bambo pa foni, nthabwala zawo zomwe zija: "Tizilombo tako ukutidyetsa mchere ndi shuga, ine bambo wako andiletsa zonse ziwiri. Tisinthane malo." Ndaseka. Kenako kukalirira kuchimbudzi.

Loweruka, 8 Febuluwale

Labu yonse zii, ine ndi phokoso la firiji basi. Wamchere wakula, washuga wakula, wopanda kanthu wafa. Lachiwiri ndiwerenga komaliza, n'kunyamuka. Ndatopa. Foni ikalira mtima phaa.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Mayo ine! Zizindikiro ndinalemba pa zivundikiro, osati kunsi kwa timbale. Mnzanga wa mu labu, yemwe timamutcha Waukhondo, popukuta kabati ndi sipiriti, wapukutanso zivundikirozo. Inki yonse yachoka, mbee! Kamchere ndi kati, kashuga ndi kati? Tonse nkhope imodzi. Iye akungopepesa, maso ali pansi. Kumukalipira ndalephera.

Apulofesa: "Yambiraninso." Sabata inanso m'ndende muno. Bambo sindinawauze.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Timbale tatsopano tili m'kabati, tolembedwa kunsi.

Achemwali aimba m'mawa, ali ndi chimwemwe. Akuti adokotala anena kuti bambo azidya chilichonse chimene mtima wawo ukufuna. Amwa tiyi wa shuga wambiri, mpaka kunyambita supuni. "Ndiye kuti akuchira, eti?"

Ine ndamvetsa tanthauzo lake. Munthu woti achira samuloleza shuga.

Kabati ndaisiya yoyaka, kiyi pa tebulo la Apulofesa. Akafuna awerenge okha. Basi ya kumudzi ndakwerayi yadzaza, koma sikunyamuka. Dalaivala uyu akudikira ndaninso?

Bambo, imwani pang'onopang'ono tiyiyo, ndikubwera.